Sefa Yamkati

Ndinamuuza mdzukulu wanga kuti adine dzina la munthu wina pakompyuta. Ndinamuuza kawiri, kachitatu ndinachita kumugwira dzanja. Koma mawu anga m'nyumba muno anasukuluka kalekale. Ndine amene ndimati usaime pazenera mvula ikamagwa, usayankhe foni ili pachaji, usakwere basi ya dalaivala woseka kwambiri. Ukamachenjeza pa chilichonse, tsiku limene ukunena zenizeni ana amangoti, "Tamva, Agogo," maso ali kwina.

Mdzukulu wangayo ndimamutcha mkazi mnzanga. Ndinamulera ine mayi ake atamwalira, ndipo mpaka lero zipinda zathu n'zoyang'anizana. Amagwira ntchito pakampani yoperekera sopo, mafuta odzola ndi zinthu za tsitsi m'masitolo. Iye sanyamula katoni. Ntchito yake ndi kusefa, ndipo mawuwo ndi ake omwe. Galimoto iliyonse ya kampaniyo ikaima pasitolo, kompyuta imalemba mzere umodzi: tsiku, dalaivala, sitolo. Mizereyo ilipo yosawerengeka. Bwana akafuna kudziwa chinthu, mkazi mnzanga amalemba fomula, fomulayo n'kusefa mizere yonse mpaka patatsala nambala imodzi.

Mnyamata wake ndi dalaivala wa pakampani pomwepo. Timamutcha Wachipewa chifukwa amavula chipewa pokhapokha akamandipatsa moni. Pa nthawi imene ndikunenayi, mphete yake inali itatha miyezi itatu pachala cha mdzukulu wanga. Mwana wanga, bambo ake a mtsikanayu, sankamufuna. Ankati sanalipirire mwana sukulu zonsezo kuti akachape malaya onunkha dizilo.

Ndiulule changa. Tsiku loyamba limene Wachipewa anafika pakhomo pano, ine ndi amene ndinati, "Samala, madalaivala ali ndi khomo mumsewu uliwonse." Pambuyo pake ndinamuzolowera. Anakonza loko wa kukhitchini, amanditengera mankhwala a mtima, ndipo akamachoka amandionetsa kuti gasi watseka. Mawu aja ndinawaiwala. Mdzukulu wanga sanawaiwale.

* * *

Linali Loweruka masana. Iye anali patebulo ndi laputopu, ine ndikusoka batani. Foni inalira, anawerenga, nkhope n'kusintha.

"Ndani?"

"Watayi."

Watayi ndi mnzake wa muofesi, wosavula tayi pakhosi, wokhala tebulo loyandikana naye. Anamufunsira kawiri, kawiri konse anakanidwa, koma sanasiye kumubweretsera tiyi. Bambo a mdzukulu wanga amamukonda kwabasi.

"Akuti chiyani Loweruka lino?"

"Akuti wandikonzera tsamba. Akuti ndidine dzina la Wachipewa, ndione kuti mwezi watha anaima kangati pasitolo ya mayi wa mawigi. Akuti sakufuna kunena zambiri, manambala anena okha."

"Munthu akati sakufuna kunena zambiri, ndiye kuti wanena kale. Tseka."

Sanatseke. Ndinakoka mpando. Kumanzere kwa galasi kunali mndandanda wa mayina, pakati bokosi lalikulu. Anadina. Ine kuwerenga sinditha, koma manambala ndimawadziwa maonekedwe: m'bokosimo munali bakha ndi khasu, thuu ndi seveni.

"Twente-seveni," anatero. "Agogo, mwezi uli ndi masiku angati? Sitolo imeneyo siili n'komwe pamsewu wake."

"Mayi wa mawigi ndi ndani?"

"Wamasiye wina. Woyera, wamtali. Madalaivala onse amamukamba."

"Tadina dzina la wina."

"Kuti nditani nalo?"

"Tione ngati nayenso ali ndi bakha wake."

"Agogo, wina akundikhudza bwanji? Ine ndikukwatiwa ndi uyu."

"Ine ndikagula sefa yatsopano sindiyamba ndi ufa wa alendo. Ndimathiramo kaye pang'ono, ndione ngati ilibe chiboo. Tadina."

Anaseka, koma kuseka kopanda mano. "Iyi si sefa ya pamsika. Fomula imeneyi ndinailemba ndekha chaka chatha. Bwana amaigwiritsa ntchito mlungu uliwonse. Mukuti ine ntchito yanga sindiidziwa?"

Apa m'pamene ndinamugwira dzanja. "Mkazi mnzanga, dzina limodzi lokha. Silikutengera ndalama."

Anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. "Si inu munati ali ndi khomo mumsewu uliwonse? Lero mwapeza khomo, mukuti tiyang'ane kwina?"

Ndinabwerera ku singano yanga. Batani ndinalisoka pamalo olakwika.

* * *

Wachipewa anabwera mawa lake chakumasana, atanyamula kapepala ka mankhwala anga.

"Akazi anga aakulu," anatero akuvula chipewa, "mwadzuka bwanji? Aang'onowa akukusungani?"

"Khala pansi, mwamuna wanga. Usafulumire kuyankha zimene ufunsidwe."

Anandiyang'ana modabwa. Mdzukulu wanga anatuluka kuchipinda foni ili m'manja, anali atajambula tsamba lija. Anaiika patebulo, pafupi ndi kapu ya tiyi.

"Werenga."

"Dzina langa. Twente-seveni. Twente-seveni chiyani?"

"Maulendo ako kwa mayi wa mawigi."

"Uti? Wa kuseri kwa sitediyamu uja? Kumeneko amapita ndi anzanga a mbali ya kumtunda. Ine sindinaimepo."

"Ndiye galimoto yako imapita yokha?"

"Sindikudziwa zimene kompyuta yako ikunena. Ine ndikukuuza zimene miyendo yanga ikudziwa."

"Kompyuta ilibe chibwenzi. Ilibe chifukwa chonamira."

"Ine ndili nacho?"

"Uli nazo twente-seveni."

Anatembenuza chipewa pabondo. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Wakupatsa ndani tsambali?"

"Zimenezo si zako."

"Watayi." Anagwedeza mutu. "Chaka ndi theka ndakhala ndikubwera pakhomo pano. Bambo ako sandiyankha moni, ndimapirira. Kuofesi kwanu ndikalowa anzako amatsegula mazenera, ndimapirira. Ndimati bola iwe ukundidziwa. Kani umandidziwira pagalasi?"

"Ukananena zoona, mwina ndikanamva."

"Zoona ndanena. Ukufuna bodza loti ligwirizane ndi nambala yako."

Ine ndinati, "Ana inu, tiyi akuzizira." Palibe anandimva.

Mdzukulu wanga anavula mphete. Inavuta pang'ono pamfundo ya chala, anachita kuipotokola. Anaiika m'sosala ya Wachipewa, ikulira ngati kandalama.

Iye sanaitole. Anaimirira, anapita kukhitchini, ndinamva akugwira gasi. Atabwerako anati, "Ndatseka, Agogo. Mapiritsi oyerawo ndi a m'mawa, musasokonezenso." Anavala chipewa ali m'nyumba, chimene anali asanachitepo, n'kutuluka.

Mphete ndinaitola ine. Ndinaiika m'kachitini ka mankhwala.

* * *

Lachiwiri ataweruka, mdzukulu wanga anandiuza kuti akupita kukagula mafuta a tsitsi. M'bafa munali mabotolo atatu odzaza. Ndinavala nsapato.

"Mukupita kuti, Agogo?"

"Kumene ukupitako. Ukakomoka akakunyamula ndani?"

Sitoloyo ndi yaing'ono, yodzaza mitu ya zidole yovala mawigi, yonse kuyang'ana pakhomo. Sindinaikonde. Mayiyo anali kupesa wigi, makasitomala awiri atakhala pabenchi.

"Takulandirani. Tikuthandizeni chiyani, asisi?"

"Ndabwera kudzakuuzani kuti mwapambana. Mutengeni."

"Nditenge chiyani?"

"Musadzipusitse. Wachipewa."

Mayiyo anaika chipeso pansi. "Wachipewa ndi uti? Pano pamabwera madalaivala ambiri, theka lawo ndi a zipewa."

"Amene anabwera katwente-seveni mwezi watha. Kapena ambiriwo akusokonezani?"

Makasitomala aja anasiya kuyang'ana mafoni. Mmodzi anakweza foni yake pang'ono, ndinaona. Ndinakoka diresi la mdzukulu wanga.

"Asisi," anatero mayiyo, mawu ake osakwera, "amuna anga ndinaika m'manda chaka chatha. Ndili ndi ana awiri ndi sitolo ino. Anthu andinenera zambiri, koma kundilowera m'sitolo pamaso pa makasitomala, mwayamba ndinu. Amayi, mwanayu ndi wanu?"

"Ndi mdzukulu wanga. Pepani."

"Mutengeni. Akachira adzabwere adzagule."

Tinakwera basi yobwerera kunyumba. Ine ndinkangoganiza za funso lija, lakuti Wachipewa ndi uti. Munthu wonama amafulumira kukana. Uyu anachita kufunsa.

* * *

Masabata awiri anadutsa. Mdzukulu wanga ankadya ngati mbalame. Ankati ali bwino, koma chala chija ankangochisisita pamene panali mphete.

Bambo ake anabwera Lamulungu, osati okha. Kumbuyo kwawo kunali Watayi, atanyamula keke m'bokosi.

"Amayi," anatero mwana wanga, "ndakumana naye panjira mnyamatayu, ndati tiyeni mukaone agogo."

"Panjira ya kuti, yokumana ndi munthu atanyamula keke?"

Watayi anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inalili. Anakhala pampando wa Wachipewa. Anandifunsa za mtima wanga, za maondo, za maso. Mafunso onse anali abwino, koma mayankho sankawadikira.

"Iwe Watayi," ndinatero, "tsamba lija unakonza ndiwe?"

"Ndinangothandiza, Agogo. Zinandiwawa kuona mlongo wanga akunamizidwa."

"Ukadina dzina la dalaivala wina pamatuluka chiyani?"

Mpeni umene Watayi ankadulira unaima pakati pa keke. Kanthawi kochepa chabe, koma ine maso anga ntchito yake ndi yomweyo.

"Zimenezo n'zovuta kufotokoza, Agogo. Ndi za mafomula."

"Amayi, musamutopetse mlendo," anatero mwana wanga. "Zinthu zimenezi ngakhale ine sindizimva. Chachikulu mwanayu wapulumuka."

Mdzukulu wanga anali kuyang'ana pawindo. Keke yake inatsala yonse m'mbale.

* * *

Laputopu ndimaiopa. Ndikamapukuta tebulo ndimaizungulira ngati mphika wotentha. Koma Loweruka lotsatira mdzukulu wanga anaisiya yotsegula n'kupita kukasamba, ndipo pagalasi panali tsamba lomwe lija. Ankalitsegula tsiku lililonse, ngati munthu wotokosa chilonda.

Ndinapukuta chala pansalu. Ndinachita mmene ndimamuonera akuchitira: kutsetsereka pakabwalo kaja mpaka kamuvi kafike pamayina, kenako kudina. Dzina limene ndinadina sindikulidziwa. Galasi linaphethira.

Bakha ndi khasu.

Ndinadina lina, lapansi. Bakha ndi khasu. Lina. Chimodzimodzi.

"Agogo, mukutani? Mufufuta ntchito yanga."

Anali ataima pakhomo, thaulo kumutu. Ndinabweza dzanja.

"Bwera udzandiwerengere. Ameneyu ndi ndani?"

Anabwera akung'ung'udza. Anawerama. Anakhala chowerama nthawi yaitali, madzi a m'tsitsi akudontha patebulo.

"Awa ndi adala aja a galimoto yaikulu," anatero. "Anathyoka mwendo. Mwezi watha wonse anali m'chipatala."

"Ndiye amapita kwa mayi wa mawigi ndi ndodo zawo, katwente-seveni?"

Sanaseke. Anakhala pansi, anadina mayina onse mmodzimmodzi, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako anatsegula pena pamene panali tizilembo tating'ono tambirimbiri, n'kuika chala pamzere umodzi.

"Ndiuze," ndinatero. "M'mawu oti ndimve."

"Sefa zilipo ziwiri, Agogo." Ankalankhula ngati wadzuka kumene. "Yakunja ndi iyi, imene munthu amadina dzina. Koma pali ina yamkati, imene ndimalemba m'fomula momwemo. Yamkati ikalamula, yakunja ilibe mawu. Fomula iyi bwana anaifuna kuti aziona maulendo onse a pasitolo, mosasamala kuti wapita ndani. Ndiye ndinalembamo kuti, iwala za madalaivala, werenga onse."

"Ndiye twente-seveni ndi ya anthu onse pamodzi."

"Onse pamodzi. Mwezi wonse." Anadzigwira pakamwa. "Ndinalemba ndine, Agogo. Mawu amenewa ndi anga. Ndinangoona dzina lake pambali, nambala pakati, basi."

Anafufuta mawu ochepa, analemba ena. Anabwerera patsamba lija, n'kudina dzina la Wachipewa. M'bokosimo munatuluka dzira. Lopanda kanthu, lozungulira, lokha.

Sindinanene kuti ndinakuuza.

Anaimbira Watayi pomwepo, foni ataikweza mawu.

"Unkadziwa?"

"Kudziwa chiyani, mlongo?"

"Kuti fomula ija simvera dzina la dalaivala. Unaiona chaka chatha, unandithandiza kuiyesa."

Watayi anati, "Fomula ndi yako. Ine ndinangoiika patsamba. Ndimayesa uona wekha, si iwe katswiri?"

Anadula foni. Anapita kukhitchini, anatenga keke yotsala ija m'firiji ndi bokosi lake lomwe, n'kukaiponya m'bini.

* * *

Anamulembera Wachipewa mameseji asanu ndi limodzi. Ndinawamva onse, chifukwa ankandiwerengera asanatumize, iye amene kale sankandifunsa kanthu. Yankho linabwera Lolemba: "Ndibwera Lachinayi ndi mankhwala a agogo."

Anabwera. Chipewa anavula, koma anakana kukhala. Anali ataonda m'masaya.

Mdzukulu wanga anafotokoza zonse, za sefa yakunja ndi yamkati, za adala othyoka mwendo. Anamuonetsa dzira. Iye anangoliyang'ana pang'ono.

"Ndiye tsopano ndine wabwino."

"Ndinalakwitsa. Pepa."

"Kompyuta yasintha maganizo, nawenso wasintha. Ikadzasinthanso mawa?"

"Siidzasintha. Ndaikonza."

"Waikonza iyo." Anapuma mozama. "Ukudziwa kuti kanema wa zimene unachita m'sitolo muja anafika pagulu la madalaivala? Akunditcha Twente-seveni. Ngakhale alonda a pageti. Izo ndilibe nazo kanthu. Koma mayi uja makasitomala ena anamuthawa. Mwana wake anamenyana kusukulu chifukwa cha nkhani imeneyi."

"Wadziwa bwanji za mwana wake?"

"Ndinapitako. Kukapepesa m'malo mwako. Wina anayenera kupita."

"Kangati?"

Ndinatseka maso. Mwa mafunso onse a padziko.

Wachipewa anamwetulira, kumwetulira kotopa. "Kamodzi. Waona? Sunathe n'komwe kupepesa, wayamba kale kuwerenga."

"Mwamuna wanga," ndinatero, "mphete ili kwa ine. Siinataike."

"Isungeni, Agogo. Kwa inu m'pamene ili bwino. Ndipatseni nthawi, mutu wanga wadzaza."

Anapita kukagwira gasi monga mwa masiku onse. Pakhomo anacheuka, ngati ali ndi mawu ena, koma anangovala chipewa.

* * *

Atachoka, mdzukulu wanga anakhala patebulo, laputopu patsogolo pake. Dzira lija linali pomwepo. Pamwamba pa tsambalo pali kabokosi kena kosankhira mwezi, ndipo ndinaona kamuvi kakukwera pang'onopang'ono kulowera kumeneko.

"Usadine."

"Dzira ili ndi la mwezi watha, Agogo. Ndikungofuna kuona wa uno."

"Wakuuza yekha kuti anapitako. Palibe amene anamukakamiza. Tseka chinthuchi, mawa ukagule kanthu, tipite tonse kwa mayi uja ukapepese ndi pakamwa pako. Ukatero udikire."

"Poyamba mumati ndidine. Lero mukuti ndisadine."

"Poyamba umayesa sefa. Lero ukuyesa munthu."

"Ngati ndi kamodzi, ndiona kamodzi, mtima ukhala pansi."

"Ukaona kamodzi udzatsegulanso mawa. Ndi mkuja. Udzakalamba ukudina. Ine ndakhala moyo wanga wonse ndikuyang'anira zitseko ndi mazenera, mkazi mnzanga, ndipo ndikukuuza, palibe tsiku limene mtima unakhalapo pansi."

Anandiyang'ana. Ndinayesa wamva. Maso ake anali ofiira ngati a mayi ake masiku omaliza aja.

"Tamva, Agogo," anatero, n'kudina.

Galasi linaphethira. Ine ndinkayembekeza kamtengo kamodzi koima chilili, ndipo ndinali nditayamba kale kupempherera kamtengoko.

Dzira lija linali litaswa. M'bokosimo munali bakha.

"Anati kamodzi," ananong'ona. "Agogo, anati kamodzi."

Mwina anaiwala chipewa n'kubwerera. Mwina tsiku loyamba anapeza potseka. Mwina mnzake anadwala, iye n'kukamuperekera katundu. Ndinamuuza zonsezi, chimodzichimodzi, ndipo china chilichonse chikhoza kukhala choona. Koma sefa tsopano inali yabwino, anaikonza yekha, ndipo panalibenso dzina lina loti ndimuuze adine.

Anatenga foni, anaiika pansi, anaitenganso. Ine ndinapita kukatenga mapiritsi a madzulo. Nditatsegula kachitini, mphete inagubuduka pakati pa mankhwala, ndipo ndinaiphimba ndi chala kuti asaimve kulira.